Adayeza phirili ndani?

M'midzi yambiri ya m'chigwa cha Bwanje muli malo amene mwana aliyense amawadziwa, ngakhale sadalembedwe pa mapu alionse. Pena ndi pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, pena ndi patsinde pa mango wa kumapeto kwa bwalo la mpira, pena ndi pamwala wa m'njira ya kudimba. Apo ndi pamene pamagwira netiweki. Mayi akamva kuti mwana wake wa ku Joni watumiza kangachepe, amamanga chitenje n'kulunjika pachulupo, foni ili m'mwamba ngati woyimbira mpira akuonetsa khadi. Akangotsika mapazi asanu, timizere ta pafoni tija tazima.

Mayi ameneyu ndi injiniya kale, kungoti alibe pepala. Adazindikira yekha kuti mafunde a foni ndi a wayilesi amamvera msinkhu wa malo, ndipo kuti mamita awiri kapena atatu okha amasiyanitsa wakumva ndi wosamva. Anthu amene amazika milongoti ya maeriyo amalimbana ndi nkhani yomweyi, kungoti chulu chawo chimadya ndalama zambiri, ndipo akachiphonya sangachisunthe.

Masiku ano wofuna kuzika mlongoti sayamba wavala jombo. Amayamba watsegula kompyuta. Kaya ndi mphunzitsi wofuna kukokera intaneti kusukulu yake kuchokera pa boma, kaya ndi mpingo wolota zotsegula kawayilesi, kaya ndi mnyamata wogulitsa Wi-Fi pa Kampepuza, onse amathamangira masamba a pa intaneti amene amauza munthu kutalika kwa malo kuchokera pa nyanja yamchere. Ukadina pa mapu, nambala imatuluka nthawi yomweyo, yoyera bwino, yopanda chikayiko. Ukatsegula tsamba lina, pa malo omwewo pamatuluka nambala ina, yosiyana ndi mamita asanu, khumi, mwinanso kuposa. Ndiye wina amaima mutu: wonama ndi uti? Koma choopsa kwambiri ndi pamene masamba atatu agwirizana, munthu n'kukagona mtima uli m'malo.

Ntcheu ndi boma loyenera kuyeserapo nkhaniyi, chifukwa nthaka yake siidziwa kukhala phee. Kumadzulo kuli mapiri a Kirk Range, dzina limene David Livingstone adawapatsa polemekeza mnzake John Kirk. Kumeneko, cha ku Tsangano ndi ku Lizulu, malo ambiri amafika kapena kupitirira mamita 1,500, n'chifukwa chake kachewere ndi kabichi zimachita bwino ndipo mu June anthu amawothera moto masana. Kum'mawa nthaka imagwa mpaka m'chigwa cha Bwanje, cha ku Sharpevale, Bilila ndi Kasinje, komwe ndi mamita 500 kapena 600 basi, pafupi ndi msinkhu wa nyanja ya Malawi. Wotsetsereka pa galimoto kuchokera pa boma kudzera ku Kandeu amamva makutu akutseka. M'boma limodzi lomweli, la anthu oposa 650,000 malinga ndi kalembera wa 2018, muli kusiyana kwa msinkhu kokwana kilomita yathunthu.

Ngakhale malire a dziko kuno adabadwa ndi msinkhu wa nthaka. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 lidati malire atsate msana wogawa madzi: otsikira ku Zambezi akhale a Apwitikizi, otsikira kunyanja ndi ku Shire akhale a Angerezi. Msewu wa M1 umayenda pamsana womwewo, n'chifukwa chake pa Lizulu munthu amagula tomato ku Malawi n'kuwoloka msewu kukagula anyezi ku Mozambique. Amene amayendamo kawirikawiri amadziwanso kuti foni imatha kutaya TNM kapena Airtel n'kugwira Vodacom kapena Movitel ya ku Angonia. Mafunde alibe nazo ntchito za pa chipata cha malire cha Biriwiri. Amangopita kumene phiri lawalola.

Tsono manambala a pa intaneti aja amachokera kuti? Ambiri mwa masambawa sadayezepo phiri ndi limodzi lomwe. Amatunga pa zitsime zochepa kwambiri, ndipo chitsime chachikulu pa zonse chidakumbidwa m'masiku 11 okha. Mu February 2000, chombo cha ku America chotchedwa Endeavour chidazungulira dziko chitanyamula makina a radar, ena m'mimba mwake, ena kunsonga ya mkono wotalika mamita 60. Chinkaponya mafunde pansi n'kumvetsera pobwerera, ndipo pa kusiyana kwa zimene makutu awiriwo ankamva, akatswiri adawerengera msinkhu wa pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a mtunda wa dziko lapansi. Ntchitoyi imadziwika ndi dzina loti SRTM. Kwa zaka zambiri, ife a kunja kwa America tinkapatsidwa zochepetsedwa, nambala imodzi pa mamita 90 alionse. Zosalala bwino, za mamita 30, zidatsegulidwa mu September 2014, ndipo Africa ndiyo idayamba kulandira.

Apa m'pofunika kudekha pang'ono. Nambala imodzi pa mamita 90 ikutanthauza kuti munda wa maekala awiri wapatsidwa msinkhu umodzi. Ya mamita 30 ikutanthauza nambala imodzi pa malo osakwana kota ya ekala. Ku Bwanje, kumene nthaka idagona ngati mphasa, palibe vuto. Koma tengani msana wa chitunda cha ku Dzonzi, wopyapyala, wokhala ndi thanthwe pamwamba. Makina amatenga nsonga ya thanthwe, natenga m'mbali mwake momwe mwatsika kale, n'kuphatikiza zonse kukhala nambala imodzi. Mapeto ake nsonga zimametedwa, makwawa amakwiriridwa. Ndipo chimene chimatseka mafunde ndi nsonga yomwe yametedwayo.

Amene adapanga SRTM sadabise malire ake. Adalonjeza kuti pa malo 9 mwa 10 alionse sadzaphonya ndi mamita oposa 16, ndipo atayeza adapeza kuti mu Africa adachita bwino kuposa pamenepo, kuphonya kwake kudali pansi pa mamita 10. Komatu kuwerengera kotere kumaphatikiza zipululu ndi zigwa zathyathyathya. Pamtsetse nkhani imasintha. Pa phiri lopendekeka ndi madigiri 30, kusuntha mamita 30 chammbali ndi kukwera kapena kutsika mamita 17. Ndiye ngati kadontho kanu pa mapu kasuntha ndi bokosi limodzi lokha, mwataya kale msinkhu woposa mlongoti umene mumafuna kugula.

Palinso nkhani ya mwezi. February kuno ndi pakati pa dzinja. Mitengo ya mombo ndi masuku idali itavala masamba onse, chimanga chili ndi ngayaye, ndipo mafunde a radar salowa mpaka pansi m'nkhalango yothithikana, amabwerera ali pakati pa nthambi. Choncho chimene SRTM imatcha nthaka ya ku nkhalango ya Mvai ndi nthaka pamodzi ndi gawo la mitengo imene idalipo m'chaka cha 2000. Mwana wobadwa mwezi umenewo lero ali ndi ana ake. Mitengo yambiri ija idapita kalekale m'matumba a makala amene timawaona m'mbali mwa M1, ndipo kwina kumene kudali tchire pano kwaima bulugamu wotalika kuposa nyumba zosanja. Kompyuta ikukuonetsani Ntcheu wa nthawi ya a Bakili Muluzi.

Zitsime zina zilipo. ASTER, ya Japan ndi America, idatuluka koyamba mu 2009 n'kukonzedwanso mu 2011 ndi 2019. Iyo imagwiritsa ntchito zithunzi ziwiriziwiri zojambulidwa mopendekera kosiyana, monga maso athu awiri amadziwira kutalika kwa chinthu. Mdani wake ndi mitambo, ndipo amene adakhalako ku Tsangano akudziwa mmene nkhungu imakondera kumeneko. Zotsatira zake zimakhala ndi tizitunda ndi timaenje tomwe kulibe. AW3D30, yochokera ku setilaiti ya Japan yotchedwa ALOS imene idagwira ntchito kuyambira 2006 mpaka 2011, nayonso ndi ya zithunzi, koma idatuluka yosalala ndipo imagwira bwino mawonekedwe a mapiri. Yatsopano pa zitsime zinayizi ndi Copernicus GLO-30, yochokera ku masetilaiti awiri a ku Germany a TanDEM-X amene adayeza dziko pakati pa 2011 ndi 2015. Eni ake amati kuphonya kwake sikufika mamita anayi pa malo 9 mwa 10.

Amene afananitsa zitsimezi ndi miyeso ya pansi m'maiko osiyanasiyana nthawi zambiri amaika Copernicus patsogolo, AW3D30 pambuyo pake, kenako SRTM ndi m'bale wake wokonzedwanso wotchedwa NASADEM, ndipo ASTER kumchira. Wondifunsa ine kuti atsegule chiti akakhala ndi mpata wa chimodzi chokha, ndingamuuze Copernicus mosazengereza. Kuwonjezera pa kulondola, zaka zake zili pafupi ndi ife, komanso mafunde ake ndi afupiafupi moti amabwerera ali chapamwamba pa mitengo. Kwa woyeza madzi osefukira chimenecho n'cholakwika, n'chifukwa chake a pa yunivesite ya Bristol adapanga FABDEM, imene imachotsa nkhalango ndi nyumba kuti patsale nthaka yokha. Koma kwa wozika mlongoti mtengo ndi mdani weniweni, ndipo mapu amene aumeta amamupusitsa. Chida chabwino kwa a ku Chikwawa oopa madzi chikhoza kumugwetsa m'mbuna munthu wa eriyo ku Nsipe.

Tibwerere kwa uja adagona mtima uli m'malo chifukwa masamba atatu agwirizana. Pabwalo la mfumu, mboni zitatu zikanena mawu ofanana, nduna yochenjera imafunsa kuti: kodi nonsenu mudaona ndi maso, kapena mudamva kwa munthu mmodzi? Masamba ambiri aulere, kuphatikizapo HeyWhatsThat, Open-Elevation ndi ena ongodina pa mapu, adamanga pa SRTM. Mapulogalamu akale okondedwa ndi anthu a mawayilesi, Radio Mobile ya Roger Coudé wa ku Canada ndi SPLAT! ya John Magliacane wa ku America, nawonso kawirikawiri amadyetsedwa SRTM yomweyo. Akagwirizana, ndiye kuti onse adamva kwa Endeavour. Akasiyana pang'ono, mwina n'chifukwa wina akuwerenga ya mamita 90, wina ya mamita 30, kapena wina akutenga bokosi lapafupi pomwe mnzake akusakaniza mabokosi anayi oyandikana. Kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo pano akandimverere ake ndi atatu.

Google Earth, imene ambiri amaikhulupirira ngati mawu a m'busa, ndi nkhani ina. Imasakaniza zitsime zingapo ndipo siikuuza kuti pamalo pamene wadinapo yatunga pati. Imaonetsa msinkhu mpaka pa mita imodzi, nambala ikusintha mwaulemu ukamayendetsa kamuvi, moti munthu amaganiza kuti chilichonse chidayezedwa ndi tepi. Kusalalako n'kwa masamu ongodzaza mipata. Chithunzi cha m'mbali chimene imajambula pakati pa malo awiri sichiwerengera kupindika kwa dziko. Komabe sindingaitaye. Ili ndi zithunzi za zaka zosiyanasiyana, ndipo palibe chida china chaulere chimene chingakuonetseni msanga kuti pamzere wanu pamera bulugamu, pamangidwa tchalitchi, kapena pali manda.

Za manda ndinenepo pang'ono, chifukwa palibe pulogalamu ya ku Canada kapena ku America imene ikuzidziwa. M'midzi yathu yambiri, mitengo italiitali imene yatsala ili kumanda. Ukaona kagulu ka mitengo yobiriwira pakati pa minda yoyera, usafunse. Bulugamu wa munthu ukhoza kukambirana naye, mwina kumugula n'kudula. Mitengo ya kumanda siikambidwa mtengo wake, ndipo wopita kwa a mfumu ndi pempho lotero adzabwerako atalipa nkhuku. Mzere wanu ukadutsa pamenepo, sunthani mlongoti.

Wina anganene kuti, mamita asanu kapena khumi ali ndi ntchito yanji pa phiri la mamita 1,500? Yankho lili pa mmene mafunde amayendera. Sayenda ngati ulusi wokokedwa pakati pa maeriyo awiri. Amafuna mpata wooneka ngati nkhaka, wowonda kumapeto konse, wonenepa pakati. Akatswiri amautcha dera la Fresnel, dzina la Mfalansa amene adafufuza za kuwala zaka 200 zapitazo. Lamulo la ntchito limati magawo 6 mwa 10 a mpata umenewu akhale opanda chotchinga. Pa mtunda wa makilomita 10, ndi timadishi ta 5.8 GHz timene ogulitsa intaneti amakonda, nkhakayo pakati pake imatsika mamita 11 kuchokera pamzere wa maso, ndiye pafunika mpata wa mamita 7. Pa 2.4 GHz imatsika mamita pafupifupi 18. Mukhoza kumuona mnzanu bwinobwino pa chitunda chinacho, koma intaneti n'kumabwera modontha ngati mpopi wa mu October.

Mtunda ukakula, dziko nalo limatukula msana. Pa makilomita 10, kupindika kwake kumawonjezera mita imodzi ndi theka pakati pa njira, zosadetsa nkhawa. Pa makilomita 30 kumafika mamita 13, ndipo mpata wa nkhaka ija umafuna mamita ena 12. Pamodzi ndi mamita 25 amene ayenera kukhalapo pamwamba pa chitunda chilichonse cha pakati, tisanawerengere mitengo. Tsopano tiyerekeze kuti kompyuta yanena kuti mpata ulipo wa mamita 30. Mwasangalala, mwaitanitsa zitsulo, mwathira simenti. Koma chitunda cha pakati chidametedwa ndi mamita 6, malo a mlongoti wanu adakwezedwa ndi mamita 4 chifukwa mu 2000 padali mitengo, ndipo pamsana pa chitundacho pali bulugamu wa mamita 15. Palibe chida chimene chanama kupitirira zimene eni ake adalonjeza, koma ulalo wanu wa mafunde wafa.

N'chifukwa chake funso loti chida cholondola ndi chiti limasocheretsa pang'ono. Wozika mlongoti safuna kwenikweni kudziwa kuti ali mamita angati kuchokera pa nyanja ya ku Beira. Akufuna kudziwa kusiyana kwa malo atatu: pamene waima, pamene akuloza, ndi chotchinga cha pakati. Chida chikalakwitsa malo onse atatu ndi mamita 10 mofanana, palibe chaonongeka. Chikalakwitsa pamodzi pokha, pamsana pa chitunda, zonse zapita. Ndipo pamsana pa chitunda ndi pomwe zida zonsezi zimafooka.

Wayilesi ya FM ili ndi chifundo pang'ono. Mafunde ake ndi aatali, pafupifupi mamita atatu, ndipo amatha kupinda pamsana pa chitunda n'kutsikira kuseri, ngakhale atafooka. Koma nawo ali ndi msampha wawo ku Ntcheu. Njira yotchuka ya ku America yoyezera msinkhu wa eriyo imatenga mizere 8 yochokera pa mlongoti, n'kuwerengera pakatikati pa msinkhu wa nthaka kuyambira makilomita 3 mpaka 16. Ikani mlongoti m'mphepete mwa phompho loyang'ana ku Bwanje. Kum'mawa nthaka yagwa ndi mamita mazanamazana, kumadzulo yakwera. Nambala ya pakatikati siikunena zoona za mbali iliyonse. Wayilesi yotero ikhoza kumveka bwino ku Golomoti ndi kutsidya kwa chigwa, koma mudzi wa kuseri kwa phiri, makilomita asanu okha, n'kumangomva phokoso. Mudzi wa patsinde penipeni pa phompho nawo umatha kudumphidwa, mafunde akudutsa pamwamba ngati mvula ya kwa eni.

Ndiye pali foni ya m'thumba. Ambiri akafika pamalo amatsegula GPS n'kunena kuti tsopano tapeza zenizeni. Tsoka ilo, GPS imalondola bwino chammbali kuposa chokwera. Masetilaiti onse amene foni ikuwamva ali kumwamba, palibe wa pansi pa nthaka woti athandize kutsimikiza msinkhu, ndiye kuphonya kwa mamita 10 kapena 20 si kwachilendo. Ikani foni pamwala, muione kwa mphindi khumi: mwalawo ukwera ndi kutsika ngati uli pa bwato. Komanso pali ziro ziwiri. GPS payokha imayezera kuchokera pa dzira losalala la masamu, pomwe mapu amayezera kuchokera pa msinkhu wa nyanja, ndipo kuno kwathu ziwirizi zimasiyana ndi mamita oposa 10. Mapulogalamu ena amakonza kusiyanaku, ena sakonza, ndipo ochepa ndi amene amakuuza. Wotenga msinkhu wa mbali imodzi pa foni, wa mbali inayo pa intaneti, waphika nsima ndi ufa wa mitundu iwiri.

Zolakwa zina n'zathu zomwe, makina alibe mlandu. Boma la Ntcheu lili pa madigiri 14 ndi mphindi 49 kummwera, madigiri 34 ndi mphindi 38 kum'mawa. Munthu wothamanga akalemba 14.49 ndi 34.38, kompyuta imutengera makilomita oposa 40 kuchoka pa boma, cha ku Dedza uko, n'kumupatsa msinkhu wa kumeneko mosanyinyirika. Wolemba manambala atatu okha pambuyo pa kadontho akhoza kuphonya ndi mamita makumi angapo, ndipo taona kale zimene mtsetse umachita ndi mamita amenewo. Lembani asanu.

Mapu a pepala a Dipatimenti ya Surveys, aja a 1:50,000, ambiri amawaona ngati zakale zoyenera kumyuziyamu. Ine ndimawalemekeza. Adajambulidwa kuchokera pa zithunzi za pa ndege, ndipo adamangiriridwa pa zipilala za simenti zimene anthu adakwera nazo mapiri atasenza zida pamutu. Msinkhu wolembedwa pambali pa kachizindikiro ka chipilala chotere ndi wodalirika kuposa nambala iliyonse yaulere ya pa intaneti, ndipo ndi pansonga penipeni, pomwe masetilaiti amameta. Njira yabwino yoyesera chida chanu ndi imeneyi: pezani chipilala cha pafupi, funsani chidacho msinkhu wa pamenepo, muone chaphonya ndi zingati. Chenjezo ndi lakuti mapu akalewa adamangidwa pa maziko otchedwa Arc 1950, osati WGS 84 ya GPS, ndipo manambala a malo amodzi amatha kusiyana ndi mamita mazana angapo. Ena mwa mapuwa amalembanso msinkhu m'mafiti. Kuiwala ziwirizi ndi kuika mlongoti m'munda mwa eni.

Zonsezi sizikutanthauza kuti zida za pa intaneti n'zachabe. Zisanabwere, kuwerengera njira imodzi kunkatenga masiku, munthu atawerama pa mapu ndi rula ndi pensulo. Lero mnyamata wa ku Nsipe akhoza kuyesa zitunda makumi awiri madzulo amodzi, pa LINKPlanner ya Cambium kapena pa chida cha Ubiquiti, n'kutaya khumi ndi zisanu ndi ziwiri zosatheka asanawononge dontho la petulo. Imeneyo ndiye ntchito yake yeniyeni, kusefa. Ndipo zazikulu zachitikapo m'dziko muno. Mu 2008, akatswiri a ku ICTP ya ku Trieste mogwirizana ndi anzawo a kuno adalumikiza Mangochi ndi College of Medicine ku Blantyre pa ulalo wa makilomita 162, kudzera pa mapiri a Zomba ndi Mpingwe. Mu 2013, gulu la a Chomora Mikeka a ku Chancellor College, pamodzi ndi MACRA, lidayesa kutumiza intaneti ku Zomba pa mafunde a kanema amene sankagwiritsidwa ntchito, omwe amapirira mitengo ndi zitunda kuposa Wi-Fi. Maulalo a mtunda wautali amatheka chifukwa amachoka pansonga kupita pansonga, chigwa chakuya chili pakati, mpata uli wa mamita mazana, moti kuphonya kwa mamita 10 sikumveka n'komwe. Amene amavuta ndi afupiafupi, a makilomita asanu kapena khumi, okwawa pamwamba pa zitunda zofanana msinkhu, monga za pakati pa boma ndi Tsangano.

Ndiye lamulo langa ndi ili. Yesani njira yanu pa zitsime ziwiri zosiyana kholo, monga Copernicus ndi AW3D30, kapena chimodzi mwa izi ndi SRTM. Pamene zasiyana kwambiri, lembani, chifukwa pamenepo ndi pamene pali kanthu. Ngati mpata wotsala, mutachotsa kupindika kwa dziko, nkhaka ija ndi mitengo, ukuposa mamita 20 pa zitsime zonse, pitirizani. Ngati uli pansi pa mamita 10, kompyuta yafika pamapeto a nzeru zake ndipo yakwana nthawi ya jombo.

Kuyesa kwa pansi sikufuna zida zodula. Galasi lodziyang'anira, la pa msika, limaponya dzuwa makilomita ambiri, ndipo mnzanu ali pa chitunda chinacho adzaona kuphethira kwake ngati njira ili yotseguka. Usiku tochi yamphamvu imagwira ntchito yomweyo. Nsungwi yaitali yomangirira chitenje chowala kunsonga imaonetsa kuti mlongoti uyenera kufika pati kuti uonekere. Kutsitsa nsungwiyo pang'onopang'ono mpaka chitenje chibisike kumakuuzani mpata weniweni umene muli nawo, womwe palibe setilaiti ingakuuzeni. Koposa zonse, bwerekani timadishi tiwiri, mutimangirire pa mitengo yongoyembekezera, muone mphamvu ya mafunde musanagule thumba la simenti ndi limodzi lomwe. Amene ali ndi mwayi wa drone, ndipo achinyamata ophunzira ku African Drone and Data Academy kuyambira 2020 alipo ndithu, akhoza kuikweza pa msinkhu wa mlongoti n'kujambula zimene eriyo idzaone.

Nyengo nayo isankhidwe. September ndi October ndi miyezi yonyenga kawiri. Utsi wa moto wa kutchire ndi fumbi zimabisa zitunda zakutali, ndipo mitengo yambiri ya m'thengo imakhala itayoyola masamba kapena ikungophukira, moti ulalo woyesedwa nthawi imeneyo umagwira bwino, n'kudzafooka mu January masamba atadzaza ndi kunyowa. Mpweya umayera bwino mvula ikangotha, mu April ndi May, masamba akadalipo. Ndipo kumbukirani kuti bulugamu wamng'ono amatha kukula mamita awiri pa chaka. Funsani mwini wake kuti adzadula liti, kapena ngati akufuna kudzala wina.

Malo okwera kwambiri si nthawi zonse amene ali abwino. Pansonga pa phiri pamafuna msewu, magetsi kapena masola, mlonda, ndi waya wabwino wotsitsira mphenzi pansi, pakuti mphenzi za m'mapiri a Ntcheu sizinyengerera. Pamsana wa kumalire, wayilesi imawolokera ku Mozambique, ndipo nkhani ya mafunde owoloka malire ili ndi eni ake, MACRA kuno ndi INCM uko. Makampani akuluakulu ali ndi mayankho awo. Nsanja zambiri za Airtel zidagulidwa ndi Helios Towers mu 2022, ndipo makampani otere amatha kugula mapu osalala kwambiri ndi kutumiza oyeza malo awo. Starlink, imene idafika m'dziko muno mu 2023, idazemba nkhani yonse ya zitunda poyang'ana kumwamba, koma ngakhale iyo ikafika pasukulu, wofuna kugawira chipatala cha kutsidya kwa dambo abwereranso ku mlongoti, ku nkhaka ndi ku bulugamu.

Amene atsala pa dzuwa ndi ang'onoang'ono: sukulu, mpingo, kagulu ka alimi a kachewere, mnyamata wa pa Kampepuza uja. Iwowa ndalama ya mlongoti amaipeza kamodzi. Kwa iwo pempho langa likupita ku Dipatimenti ya Surveys ndi ku MACRA, imene ili ndi thumba la Universal Service Fund lothandizira madera osafikidwa: ikani poyera, pa intaneti ndi pa ofesi ya DC ku Ntcheu, mndandanda wa zipilala za m'mapiri a bomali, malo ake m'manambala a GPS ndi msinkhu wake, kuti aliyense athe kuyesa chida chake asanachikhulupirire. Miyesoyo idatengedwa kale, ndipo amene adakwera mapiriwo adalipidwa kalekale.